Ana akungodzijambula pa sewero la Boston Tea Party, ndigawireni nzeru

Madamu a History, Blantyre:
Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji? Mu kalabu yathu ya History teremu ino tikuona mmene anthu a m'madera 13 a ku America anayambira kukana ulamuliro wa Britain. Ana anapempha okha kuti tichite sewero la usiku wa pa 16 Disembala 1773, pomwe anthu a ku Boston anakhuthulira tiyi m'nyanja. Tinatolera makatoni m'magolosale kuti akhale mabokosi a tiyi, mabenchi akhale sitima. Poti timakumana Loweruka, ahedi amalola mafoni, ndipo vuto lagona pamenepo. Mwana akangofunda bulangete n'kudzipaka makala kumaso, foni ili kale m'mwamba, khosi wapendeketsa, akudzijambula. Amene akusewera ngati Samuel Adams, mtsogoleri wa okana msonkho ku Boston, amadukiza mawu pakati kuti aone ngati chithunzi chatuluka bwino. Nditawafunsa chimene anthuwo anatayira tiyi, yankho linali lakuti "anali wodula." Palinso mtsikana mmodzi yemwe akundidetsa nkhawa. Amajambula, n'kufufuta, n'kujambulanso, mpaka misozi kulengeza. Ndiletse mafoni kapena seweroli ndilisiye?

Bambo a Fomu 4, Dedza:
Madamu, sewero musalisiye. Ikani dengu pakhomo, aliyense aponyemo foni, akatenge potuluka. Ine ndimatero.

Koma chandiwawa ndi yankho lakuti tiyi anali wodula, chifukwa ndi losemphana ndi zoona. Lamulo la Tea Act la 1773 linatsitsa mtengo. Linalola kampani ya East India Company kutumiza tiyi wake ku America osadzera kwa amalonda a ku London, mpaka akanapikisana ndi tiyi wozembetsa wochokera kwa Adatchi. Chimene anthu ankakana ndi kamsonkho ka mapeni 3 pa paundi iliyonse ya tiyi, kotsalira pa misonkho ya Townshend ya 1767. Ankati kugula tiyi ameneyu n'kuvomereza kuti Nyumba ya Malamulo ya ku London ili ndi mphamvu yowakhometsa msonkho pomwe iwo analibemo phungu ndi mmodzi yemwe. Mkangano wake ndi womwe uja wa Stamp Act ya 1765, lamulo la msonkho wa pa zikalata ndi mapepala osindikiza. Britain inali ndi ngongole yaikulu itatha nkhondo ya zaka 7 mu 1763, ndiye inkafuna kuti anthu a m'madera ake a ku America athandize kulipira. Mwana akapanda kugwira mfundo imeneyi, ndiye kuti wangosewera ndi makatoni.

Madamu a History, Blantyre:
Zikomo Bambo. Dengu ndinaliganizira, koma ndikuopa kuti ena asiya kubwera. Kalabu si yokakamiza.

Aphunzitsi a zisudzo, Zomba:
Achemwali, yankho lili m'nkhani yomwe mukuphunzitsayo. Afunseni ana kuti anthu aja anadzipakiranji mwaye kumaso. Sankadzikongoletsa. Ankabisala. Kukwera sitima zitatu, Dartmouth, Eleanor ndi Beaver, n'kuswa mabokosi 342 a tiyi wa kampani, unali mlandu woti munthu akanaonera nawo zakuda. N'chifukwa chake ambiri anasunga chinsinsi mpaka kumanda. Wosoka nsapato wina, George Hewes, nkhani yake inadzalembedwa m'ma 1830, patapita zaka pafupifupi 60.

Ndiye chitani chonchi. Sankhani ana awiri akhale akazitape a bwanamkubwa Thomas Hutchinson, amene anakana kuti sitimazo zibwerere ndi tiyi wake. Awiri okhawa ndiwo agwire foni. Ntchito yawo ndi kujambula nkhope ya aliyense wotaya tiyi. Amene nkhope yake yaoneka bwino pa chithunzi wagwidwa, atuluke m'sewero akakhale "m'ndende" pansi pa mtengo. Mudzaona ana omwe ankathamangira kamera akuithawa, bulangete atalikokera mpaka m'maso. Mantha amene anthu a ku Griffin's Wharf, doko limene sitimazo zinaima, anali nawo adzawamva m'thupi mwawo, osati pa bolodi.

Chenjezo limodzi. Ena mwa anthu aja anadziveka ngati Amohawk, mtundu wina wa eni nthaka a ku America. Musalole ana kuvala nthenga n'kumakuwa ngati akuseka mtunduwo. Amohawk alipo mpaka lero, ndipo nkhondo ya ufulu wa America itabuka ambiri a iwo anali mbali ya Britain.

Bambo a History, Mzuzu:
Nzeru ya akazitape ndaikonda. Ine ndiwonjezere ya chithunzi, poti ana athuwa zithunzi amazidziwa kutiposa ife. Amadziwa kusankha mbali yoimira, kudula zosafunika, kuwalitsa nkhope. Luso limenelo musalitaye, lilowetseni m'phunziro.

Asindikizireni chithunzi chimene Paul Revere, mmisiri wa ku Boston, anajambula cha zimene zinachitika mu msewu wa King Street pa 5 Marichi 1770, asilikali a Britain atawombera khamu n'kupha anthu 5, mmodzi mwa iwo Crispus Attucks. Pa chithunzipo asilikali aima mzere wowongoka, mkulu wawo wakweza lupanga kumbuyo ngati akulamula, anthu akugwa opanda kanthu m'manja. Pa nyumba ya kasitomu Revere analembapo kuti Butcher's Hall, kutanthauza nyumba ya opha nyama. Koma umboni wa kukhoti unaonetsa chipwirikiti: khamu linkatukwana asilikali, kuwagenda ndi zibuluma za madzi oundana, ena atanyamula zibonga. John Adams, yemwe anadzakhala pulezidenti, ndiye anaimira asilikaliwo pa mlandu. Mkulu wawo uja, Kaputeni Thomas Preston, anamasulidwa, asilikali 6 anamasulidwa, awiri anapezeka olakwa pa kupha mosakonzekera. Komabe chimene chinayenda m'manja mwa anthu ndi chithunzi, osati chigamulo.

Agaweni ana pawiri. Gulu lina likonze chithunzi chimodzi chokomera anthu a ku Boston, lina chimodzi chokomera asilikali, malo omwewo, anthu omwewo. Lamulo likhale lakuti wogwira foni asaonekemo. Kenako aliyense afotokoze chimene wasiya kunja kwa chithunzi ndi chifukwa chake.

Mayi a uphungu wa ana, Lilongwe:
Za sewero ndasiyira eni ake. Ine ndikhudzeko za mtsikanayo. Chonde Madamu, musamutchule pagulu, ndipo musalole anzake kumunena kuti akudwala. Mu 2014 inafala nkhani pa intaneti yakuti bungwe la American Psychiatric Association lalengeza kuti kudzijambula mopitirira ndi matenda a maganizo. Inali yabodza, koma ena amaibwerezabe. Kudzijambula pakokha si matenda. Chondidetsa nkhawa ndi misoziyo. Mwana wofufuta chithunzi chilichonse nthawi zambiri sakudzikonda mopitirira, akudzikayikira. Mwina wina anamunyoza khungu kapena thupi pa WhatsApp ya kalasi. Muitanireni pambali ngati mukumutuma, mumufunse modekha chimene amaona pa zithunzizo. Mvetserani kaye, malangizo abwere pambuyo. Mukaona kuti wayamba kukana kudya kapena kujomba, uzani makolo ndi mphunzitsi woona za uphungu. Pakadali pano mupatseni foni ya ukazitape. Akhale kuseri kwa kamera, pomwe diso lake likufunika ndipo nkhope yake palibe woipima.

Bambo a Fomu 4, Dedza:
Mayi mwanena zomveka. Dengu langa silikanafika pamenepo.

Mawu amodzi kwa Madamu. Ana akadzafunsa ngati izi zikufanana ndi zakuno, musazembe. Msonkho wa nyumba unayamba m'ma 1890, Legislative Council, nyumba ya malamulo ya Nyasaland, inakhazikitsidwa mu 1907, koma Mwafirika woyamba kukhalamo anali wa mu 1949. Kulipira popanda wokuyankhulira agogo athu ankakudziwa. Koma muwauzenso kusiyana kwake. Okana msonkho ku America anali atsamunda eni ake, okhala pa malo olanda, ndipo ena mwa atsogoleri awo, monga George Washington ndi Thomas Jefferson, anali ndi akapolo.

Madamu a History, Blantyre:
Mwandipepuza nonse. Loweruka likubwerali ndiyamba ndi msonkhano wa ku Old South Meeting House, kumene anthu a ku Boston anasonkhana asanakataye tiyi, kuti mkangano wa msonkho umveke tisanakhudze makatoni. Mafoni alowa m'dengu kupatula awiri a akazitape, ndipo ndiwalonjeza kuti sewero likatha adzijambule mmene angafunire asanavule mabulangete. Zithunzi ziwiri za King Street tichita sabata yotsatira. Mtsikana uja ndilankhula naye mawa pa buleki. Bambo a ku Mzuzu, chithunzi cha Revere chimaoneka bwino pa fotokope yakuda?

Bambo a History, Mzuzu:
Chimaoneka, koma mayunifolomu ofiira ndi magazi ndi zimene zinkakoka maso a anthu. Sindikizani chimodzi cha mitundu pa pepala lalikulu mupachike kutsogolo, zinazo zikhale zakuda. Ndikutumizirani madzulo ano netiweki ikakhazikika.