Kodi kuwala kwa probe m'selo yamoyo kumasonyezadi microRNA?

Wophunzira:
Akuluakulu, ndikupempha thandizo lanu. Ndikuwerenga za njira yoonera microRNA (tizidutswa tating'ono ta RNA timene timalamulira ntchito ya majini) m'maselo amoyo pogwiritsa ntchito ma probe (tizingwe tofufuzira RNA) a DNA otchedwa molecular beacon, amene Tyagi ndi Kramer anawafotokoza mu 1996. Ndamva kuti kachingwe ka DNA kamapindika mwakuti utoto wowala umene uli kunsonga imodzi umagundana ndi chozimitsa kuwala chimene chili kunsonga inayo, ndipo kakakumana ndi RNA yogwirizana nako kamatambasuka n'kuyamba kuwala. Nanga tingatsimikize bwanji kuti kuwala kooneka pa maikulosikopu kwabweradi chifukwa cha microRNA?

Wa m'labotale:
Mwafunsa pamene pagona vuto lenileni. M'selo muli ma enzyme odula DNA, ndipo akadula probe, utoto umatalikirana ndi chozimitsa chija n'kuwala ngakhale kuti palibe microRNA imene yagwidwa. Ma probe ambiri amatsekeredwanso m'timatumba totchedwa endosome, momwe amawonongekera asanafike kumene RNA ili. N'chifukwa chake ofufuza amalimbitsa kachingweko ndi LNA kapena 2'-O-methyl, zomangira zosinthidwa kuti ma enzyme asazidule mosavuta, komanso amayesa probe ina imene ndondomeko yake yasokonezedwa dala kuti isagwirizane ndi RNA iliyonse. Imeneyo ikawalanso, zotsatira zanu n'zokayikitsa. Ineyo chithunzi chimene sichinayesedwe motere sindichikhulupirira, ngakhale chikongole bwanji.

Mphunzitsi wa sayansi:
Ndiwonjezereko za kufupika kwake. MicroRNA imakhala ndi ma nucleotide (timagawo timene timapanga RNA) pafupifupi 22 okha, ndipo yokhwima imakhala itagwiridwa ndi puloteni ya Argonaute, choncho si mbali zake zonse zimene probe ingazifikire mosavuta. Ma microRNA ena a m'banja lotchedwa let-7 amasiyana pa nucleotide imodzi kapena awiri basi, ndiye probe yosapangidwa mosamala imawasakaniza.

Wophunzira:
Zikomo kwambiri. Nanga microRNA ikakhala yochepa zedi m'selo?

Wa m'labotale:
Pamenepo amachulukitsa kuwala ndi njira ngati hybridization chain reaction ya Dirks ndi Pierce ya mu 2004, momwe RNA imodzi imatsegula tizingwe tambiri motsatizana. Koma dziwani kuti tizingwe tikatseguka mwangozi, kuwala kwabodza nakonso kumachuluka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti probe ikamatirira pa microRNA ikhoza kuilepheretsa kugwira ntchito yake, motero muyambe ndi probe yochepa ndithu, ndipo muonenso ngati majini amene microRNA imeneyo imawalamulira asintha.