Kusandutsa kiti ya pulasitiki ya 1:24 kukhala slot car yoyenda (kagalimoto ka magetsi kothamanga motsata kangalande ka pa msewu wake)

Wongoyamba_kumene:
Moni nonse. Ndili ndi kiti ya Tamiya (zidutswa za pulasitiki zolumikiza n'kukhala kagalimoto) ya sikelo ya 1:24 imene sindinayambe kuilumikiza, ndipo ndikufuna kuti ikatha isakhale yongokongoletsa pa shelefu koma izithamanga pa msewu wanga wa Carrera, umene si wa digital. Kodi ndingamangirire mota pa chassis (chimango cha pansi chogwira matayala) ya pulasitiki imene ili m'bokosimo, kapena ndifune ina? Ndikufunanso kudziwa ngati bodi yake ingapirire galimoto ikamachoka mumsewu pokhota, chifukwa pulasitikiyo ikuoneka yosalimba.

Mmisiri_wa_mkuwa:
Takulandirani, akulu. Mwachita mwayi ndi msewuwo, chifukwa pa Carrera mtunda wa pakati pa tingalande tiwiri ndi mamilimita pafupifupi 100, pamene pa misewu ya Scalextric ndi 78, ndipo kumeneko galimoto ziwiri za 1:24 zimakhulana podutsana.

Chassis ya m'bokosi ndikukulangizani kuti muisiye. Inapangidwa kuti izioneka bwino galimoto itaima, choncho mabowo ake amakula msanga axle (kamtengo kolumikiza matayala awiri) ikamazungulira, komanso imapindika pang'ono mota ikakoka, zimene zimachititsa kuti mano a magiya asagwirane bwino. Chimene mukufuna m'bokosimo ndi bodi, magalasi ndi zokongoletsa, ndipo ntchito yonse yoyendetsa iyenera kukhala pa chassis ina. Mutha kugula yachitsulo yotheka kuitalikitsa kapena kuifupikitsa, monga za kampani ya Plafit, kapena kuwotcherera yanu ndi mkuwa ndi waya wolimba wa piyano, njira imene ine ndimaikonda chifukwa kulemera kwa mkuwa kumakhala pansi penipeni.

Musanagule chilichonse, yezani mtunda wochokera pakati pa bowo la tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, ndiponso kukula kwa bodi m'kati mwake pamene pali matayala akumbuyo. Miyezo iwiri imeneyi ndiyo ikuuzeni chassis, axle ndi matayala oyenera. Ngati bodi ndi yopapatiza, ikani mota motsata utali wa galimoto, chifukwa mota yoikidwa mopingasa imafuna malo ambiri pakati pa matayala. Giya ya mano 9 pa mota ndi ya mano 27 pa axle, kutanthauza 3:1, ndi poyambira pabwino.

Wopenta_mabodi:
Ndikugwirizana ndi zimene anena akuluwa, koma ine ndiyankhe za bodi, chifukwa mantha anu ndi omveka. Makiti amapangidwa ndi pulasitiki ya polystyrene, imene imasweka msanga kuyerekeza ndi pulasitiki ya ABS imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ma slot car a kufakitale. Malo oyamba kuthyoka ndi timizati ta denga, mabampa ndi timagalasi ta m'mbali. Matani boneti ndi zitseko kuti bodi ikhale chinthu chimodzi, kenako pakani guluu wa epoxy pang'ono m'kati motsata molumikizira monse. Musaichulukitse kudenga, chifukwa kulemera kulikonse kwa pamwamba kumagubuduza galimoto pokhota.

Guluu wa m'makiti amagwira ntchito posungunula polystyrene, motero sagwira mkuwa ngakhale pang'ono, ndipo superglue imachititsa magalasi kuoneka mbuu ngati nkhungu. Magalasi matani ndi guluu woyera amene amaoneka ngati galasi akauma.

Za m'kati zimapweteka mtima, koma mipando ndi pansi pake ziyenera kudulidwa kuti mota ipeze malo. Siyani dashibodi, chiwongolero ndi dalaivala kuyambira m'chifuwa kupita kumutu, zonse pa kapulasitiki kopyapyala kopentedwa kwakuda. Galimoto ikamathamanga palibe amene amazindikira kuti miyendo kulibe.

Wothamangitsa_opanda_maginito:
Ndiwonjezere zinthu zimene zimasiyanitsa galimoto yongoyenda ndi yoyenda bwino. Matayala a m'kiti musawaike kumbuyo, chifukwa sagwira msewu. Gulani malimu a aluminiyamu omangidwa ndi kasikuluwu, valikani matayala a urethane, ndipo muwasalaze pa sandipepa mota ikuzungulira mpaka akhale obulungira ndendende. Malimu a m'kiti mutha kuwasema kuti alowe m'kati mwa aluminiyamuyo, maonekedwe a galimoto asatayike.

Guide, kachidutswa kolowa m'kangalande kaja, ikhale patsogolo kwambiri mmene bodi ingalolere, ndipo timawaya take toluka tigone bwino pa zitsulo za msewu popanda kunyamula kutsogolo kwa galimoto. Ikayamba kuyenda chobwerera, ingosinthanitsani mawaya awiri a pa mota.

Pomangirira bodi, musamange masikuluwu mpaka kumapeto. Bwezani pang'ono kuti bodi izigwedera, chifukwa zimenezi zimachepetsa kunjenjemera ndipo matayala onse amakhalabe pansi. Ena angakuuzeni kuti muike maginito, koma pa bodi ya kiti ine sindivomereza: maginito amalola liwiro lalikulu pokhota, ndiye akasiya kugwira, galimoto imauluka mwamphamvu ndipo polystyrene imasweka. Tizidutswa ta mtovu tomatidwa pansi pa chassis, kumbuyo kwa guide ndi m'mbali mwa mota, timachititsa kuti galimoto iyambe yatsetsereka kumbuyo isanachoke mumsewu, ndipo chala chanu chimakhala ndi mpata wochepetsa magetsi pa chowongolera liwiro cha m'manja.

Wongoyamba_kumene:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kuyeza bodi ndi kupeza chassis yosinthika, ndipo sindipenta mpaka nditaona kuti matayala akumbuyo sakukhula m'mabowo awo bodi ikagwedera.