Gulu la Banja: Amayi Atuluka Lachisanu

Achemwali (Zomba): Mwaswera bwanji nonse? Adokotala ati amayi atuluka Lachisanu. Shuga watsika, bala la kuphazi layamba kupola. Koma tsopano ali pa jakisoni wa insulin, m'mawa ndi madzulo. Kumudzi ku Jali akakhala ndi ndani?

Achimwene (Joni): Ambuye alemekezeke. Ine nditumiza K80,000 pa Mukuru mwezi ukatha.

Malume: Wachita bwino mphwanga, koma ndalama sibaya jakisoni. Mlongo wangayu maso anayamba kuchita mdima, timizere ta pa sirinji sangatione. Pakufunika munthu wogona naye m'nyumba.

Mlamu: Nditha kupita ine masabata awiri oyamba, ana asamalidwe ndi bambo awo. Achemwali, mundiphunzitse kubaya tisanachoke kuchipatala, ndikuopa.

Achemwali (Zomba): Zikomo alamu, mubwere Lachinayi anesi akuonetseni okha. Kumudzi kulibe firiji, ndiye ati botolo la insulin tizilimanga m'kapulasitiki n'kuliika mumtsuko wa madzi, pamthunzi. Likatsegulidwa lisapitirire mwezi. Chandiopsa kwambiri ndi ichi: akabayidwa osadya, shuga amagwa. Mukaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, muwamwetse madzi a shuga msanga. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo kuchipatala.

Azakhali: Nanga chakudya? Nkhokwe ija mulibe kanthu, chimanga chinatha mu Ogasiti.

Achimwene (Joni): Thumba limodzi lichoke pa ndalama yangayo.

Achemwali (Zomba): Likagayitsidwe mgaiwa, osakonola. Nsima ichepe, nyemba ndi nkhwani zichuluke. Thobwa lawo lija ndi tiyi wa masupuni anayi, malume mukawauze ndinu, ife sationa ngati anthu.

Malume: Ndikamuuza. Ndikafunsenso kwa amfumu za Mtukula Pakhomo, wamasiye wodwala chonchi ayenera kulembedwa mayina akamadzatengedwanso.

Chitsiriza (Lilongwe): Ine malipiro ndi ochepa, mukudziwa. Koma ya kabaza tsiku la kiliniki ikhale yanga mwezi uliwonse, ndizitumiza pa Mpamba. Ndagulanso nsapato zofewa, asamayendenso chapansi ndi phazi limenelo.

Azakhali: Mwana iwe wandiliza. Alamu ako akabwerera ndikalowa ine mpaka mvula itagwa, kenako munda undifuna.

Achemwali (Zomba): Ndiye Disembala alibe munthu. Achimwene, chaka chino mubwera liti?

Achimwene (Joni): Ndikapempha tchuthi mawa, ndikuyankhani madzulo.