Makobiri akale akundikanika kujambula

A Phiri, Dedza: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndigawireniko nzeru, ntchito yandikulira. Kwabwera bambo ena a cha ku Bembeke ndi kachitini ka makobiri akale, akuti anasiya ndi malemu bambo awo amene anakagwira ntchito ku Halale. Mwana wawo ali ku Joni akufuna zithunzi zoti chaka ndi zolemba zonse zizioneka. Ndalimbana nazo chim'mawire. Ndikayatsa fulashi ikutuluka mbee, ndikazimitsa ikungokhala chimbale chakuda bii. Maukwati ndi zithunzi za pasipoti sizindivuta, koma izi zandithetsa mankhalu.

A Gama, Tsangano: Zilekerenji kuda musanazitsuke? Phulusa ndi ndimu achimwene, mphindi ziwiri zokha ziwala ngati zatsopano.

A Ngozo, Lizulu: Ayi a Gama, musamuike mnzanu m'mavuto. Amenewo si mapoto. Mkuwa ukakhala zaka zambiri umasiya kufiira n'kuyamba kuoneka ngati khofi, ndipo kuderako ndi kumene osonkhanitsa ndalama zakale amayamba kuyang'ana. Asidi wa ndimu amachotsa khungu limenelo, phulusa limasiya timikwingwirima, mtengo umagwa ndipo sizibwereranso. Ndiponso katunduyo ndi wa eni ake. A Phiri, musapake kanthu, ndipo pogwira muzigwira m'mphepete chifukwa thukuta la zala limasiya chidindo pa mkuwa. Tatiuzani, ndi zamtundu wanji?

A Phiri: Zambiri ndi zobooka pakati. Zina zili ndi njovu ziwiri, zazing'onopo zili ndi nyama zazitali makosi. Palinso zikuluzikulu zitatu zosabooka za mutu wa mzungu wandevu, zofufutika kwambiri, ndi ma 1 tambala a nkhope ya Kamuzu.

A Ngozo: Zobookazo ndi za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba 1953 n'kutha 1963. Ya njovu ndi kobiri lathunthu, ya akadyansonga ndi theka lake, anayamba kuzisula 1955. Nkhope ya Mfumukazi Elizabeth palibe chifukwa bowo linatenga malo, pali dzina lokha, ndipo chaka chili kuseri. Ife tili ana tinkazitunga pa chingwe. Wandevuyo akhala George V, kobiri la ku Britain, chaka muchipeza m'munsi mwa mayi wokhala pansi amene ali kuseri kwake. A tambala anayamba 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Mawu oti kobiri omwewa tinabwereka kwa Apwitikizi, kwawo cobre ndi mkuwa, ndipo tonse tikudziwa kuti Mozambique ndi kungodumpha msewu.

ANambewe, Ntcheu: Madala atipatsa mbiri, ine ndilowe pa kujambulapo. Achimwene, vuto lanu ndi komwe kuwala kukuchokera. Fulashi imamenya kobiri pamaso n'kubwerera mu lenzi momwemo, ndiye zotukuka ndi zolowa zimaoneka chimodzimodzi. Zolemba za pa kobiri zimawerengeka chifukwa cha mthunzi. Kuwala kuchokere pambali, chapansi, ngati dzuwa la m'mawa mmene limaonetsera mizere m'munda. Masana dzuwa lili paliwombo munda womwewo umaoneka see.

Chitani chonchi. Zimitsani mababu onse a mu studio, ikani tebulo pafupi ndi windo, tchingani windoyo ndi nsalu yoyera yopyapyala. Mbali inayo imikani pepala loyera kuti libweze kuwala pang'ono, mthunzi usachite kuda kwambiri. Kenako muzizunguliza kobirilo pang'onopang'ono mukuyang'ana pa sikirini. Pali pena pake pamene chaka chimangotulukira chokha, pamenepo ndiye mujambule.

A Phiri: Ndinaziika pa pepala loyera la A4. Kapena ndi chimenecho?

ANambewe: Ndi chimenecho ndithu. Kamera ikaona kuyera konseko imachepetsa kuwala, kobiri n'kuda. Pa nsalu yakuda imachitanso zosiyana, imawalitsa mopyola. Pezani katoni yotuwa. Yomweyo muigwiritse ntchito pokonza white balance, ija imathandiza kamera kutulutsa mitundu yeniyeni, apo ayi mkuwa utuluka ngati lalanje, makamaka mukasakaniza babu ndi kuwala kwa panja. Ine ndimaika chinthucho pa kachitsekero ka botolo kuti chikwere pang'ono, pansi pamaoneka mwachimbuuzi ndipo m'mphepete mumaoneka bwino.

A Gama: Chabwino ndagonja pa za phulusa. Koma ndithandizepo apa: ngati mulibe lenzi ya macro, yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi, foni imachita bwino kuposa kukakamiza lenzi ya ukwati. Musayandikize kwambiri, imataya focus komanso imadzitchingira yokha kuwala. Sanjani mabuku, gonekani foni pamwamba kamera itasuzumira pansi, ikani pa 2x, muyatse timer kuti dzanja lisagwedeze. Foni ndi kobiri zikhale zopenyana bwino, ikapendekeka mbali imodzi ituluka yosaoneka.

A Ngozo: Apo mwalankhula a Gama. Kwa zofufutika za George V zija pali njira ina imene tinkachita nthawi ya filimu. Mumatenga galasi loonekera la pa fulemu, kulipendeketsa madigiri 45 pakati pa kamera ndi kobiri, nyali n'kuiwalitsa pagalasipo kuchokera pambali. Kuwala kumatsikira pa kobiri molunjika, malo osalala amawala, m'mbali mwa zilembo mumada. Kuseri kwa galasi muike nsalu yakuda, ndipo kobiri mulitchinge kuti nyali isalimenye mwachindunji. Zimafuna kufatsa, koma chaka chimene maso akulephera chimatha kuoneka.

A Phiri: Ndayesa ya pa windo ija. Eee, njovu zatuluka mpaka makwinya a pa chitamba! Ina ndimaiyesa 1956, ndi 1958. Koma ziwiri zili ndi zobiriwira ngati ufa, zikuyoyoka ndikakhudza.

A Ngozo: Zimenezo zipatuleni lero lomwe. Kubiriwira kolimba kosalala sikuopsa, koma kwa ufako ndi matenda a mkuwa, amadya mpaka kusiya maenje, ndipo chinyontho ndicho chimawakolezera. Ndi nkhungu ya ku Dedza kwanuko, m'chitini sizikhalitsa. Auzeni eni ake aziike iliyonse m'kaenvulopu kake ka pepala, pamalo ouma, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Asaike m'mapulasitiki ofewa a PVC, nawonso amabiriwiritsa.

ANambewe: Mujambule mbali zonse ziwiri, rula ili pambali, ndipo fayilo iliyonse muipatse nambala yofanana ndi ya pa envulopu. Potumiza pa WhatsApp mutumize ngati document, apo ayi imafinya chithunzi, ntchito yonse ija n'kupita pachabe. Pa kompyuta musawonjezere mtundu. Wogula akalandira chosiyana ndi chithunzi, wabodza mukhala inu.

A Phiri: Bambowa akuti anamva kuti zobookazi munthu amagulira minibasi. Ndiwayankhe bwanji?

A Ngozo: Mwaulemu, koma musawanamize. Zinasulidwa zochuluka kwambiri, zoyendayenda ngati zimenezo mtengo wake ndi wochepa. Inu mutchaje pa kobiri lililonse, osati pa chitini, ndipo alipire asanamve mtengo wake.

A Gama: Ma tambalawo muwayese ndi maginito. A 1971 sakoka, ena apambuyo pake ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa, amamatirira.

A Phiri: Atatu amatirira. Zatsala 26, ndipo nkhungu yayamba kutsika m'phiri, kuwala kwa pa windo kwatha. Ndipitiriza mawa cha m'ma 9. A Ngozo, galasi lija la fulemu ya satifiketi lingachite?

A Ngozo: Lichita, bola mulipukute kaye mbali zonse.