Kodi Mkhristu amene ali pa chisoni angakondwere bwanji popanda kudzinamiza?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha malangizo kwa inu amene munadutsapo m'masautso aakulu, makamaka abusa ndi akulu a mpingo. Ndine mayi wa ana atatu, ndipo mwamuna wanga anali mmodzi mwa anthu oposa 1,000 amene anamwalira m'dziko muno ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Iye anatitulutsa ine ndi ana, kenako anabwerera kukathandiza agogo ena oyandikana nafe, ndipo sanabwerenso.

Kupemphera sindinasiye, ndipo kukwaya ndimapitabe, koma nyimbo zachisangalalo zimangotuluka pakamwa pamene mtima uli zii. Mvula ikayamba kugunda pamalata usiku, mwana wanga wamng'ono amadzuka n'kuvala nsapato, n'kukhala pafupi ndi chitseko kudikira kuti tithawe, ndipo ine ndimasowa mawu omuuza. Mayi wina wa mumpingo anandiuza kuti kulira nthawi yaitali chonchi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, popeza Afilipi 4:4 amatilamula kukondwera mwa Ambuye nthawi zonse. Mawu amenewa andivutitsa kwambiri, chifukwa ndimakonda Mulungu ndi mtima wonse ndipo sindifuna kumuchimwira. Kodi chimwemwe chimene Baibulo likunenachi ndi chotani, ndipo munthu amachipeza bwanji bala likadali laliwisi?

Yankho la mkulu wa mpingo, Mulanje:

Mayi, pepani kwambiri. Kuno nakonso namondweyu anatilanda abale ambiri. Amene anakupatsani vesi limeneli akanawerenga kalata yonseyo sakanakuweruzani. Paulo anailemba ali m'ndende, ndipo pa Afilipi 2:27 akunena yekha kuti mnzake Epafrodito akanamwalira ndi matenda aja, iye akanakhala ndi chisoni chowonjezera pa chisoni chimene anali nacho kale. Pa 3:18 akuvomereza kuti akulemba akulira. Munthu yemweyo ndiye akulamula kukondwera, choncho n'zoonekeratu kuti sakunena za kuseka kapena kuiwala malemu. Ku Filipi komweko, pa Machitidwe 16, iye ndi Sila anakwapulidwa, miyendo yawo inamangidwa m'matangadza, ndipo anayimba pakati pa usiku mabala asanatsukidwe n'komwe, pakuti woyang'anira ndende anawatsuka pambuyo pake. Ine ndimamva kuti chimwemwechi ndi kudziwa kuti Khristu anauka, sanakusiyeni, ndipo imfa sidzamugwira mwamuna wanu mpaka kalekale. Ngakhale 1 Atesalonika 4:13 saletsa kulira. Amaletsa kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Ambuye Yesu analira pa manda a Lazaro akudziwa bwino lomwe kuti amuukitsa.

Yankho la mayi wamasiye, Lilongwe:

Achemwali, inenso ndinaika mwamuna wanga m'manda, ndipo chimene chinandithandiza ndi kusiya kudzikakamiza. Ndinkawerenga Masalimo 42 ndi 88 mokweza ngati mapemphero anga. Salimo 88 limatha wolembayo akadali mumdima, komabe lili m'Baibulo, zimene zinanditsimikizira kuti Mulungu amalandira madandaulo a ana ake. Chimwemwe chinabwerera pang'onopang'ono pamene ndinayamba kuyendera amasiye anzanga, kuwatungira madzi ndi kukhala nawo chete, monga anachitira abwenzi a Yobu masiku 7 asanayambe kulankhula zomupweteka. Koma za mwanayo musazengereze. Pitani naye kuchipatala mukafunse aphungu othandiza anthu amene akuvutika maganizo, chifukwa mantha otere ndi bala lofunika chithandizo, ndipo kupita kumeneko sikutsutsana ndi pemphero. Inunso mukalankhule nawo.

Yankho la wofunsa:

Zikomo kwambiri bambo, zikomonso achemwali. Ndawerenga kalata yonse ya Afilipi ndipo ndaona misozi ya Paulo, imene m'mbuyomu ndinkangoidumpha pothamangira mutu 4. Mwanayo ndipita naye kuchipatala mvula isanayambe. Ndatsala ndi funso limodzi limene ndikupempha abusa andithandize. Kodi ndi bwino ndipemphe atsogoleri a kwaya kuti ndipume kaye kuyimba kutsogolo, ndizikhala m'gulu la anthu mpaka mtima utagwirizana ndi zimene ndikuyimba, kapena ndipitirize monga Paulo ndi Sila ngakhale sindikumva kanthu? Ndikuopa kuti ndikasiya ndizolowera kukhala kunyumba, komanso sindikufuna kuima pamaso pa mpingo ngati munthu wachinyengo.