Nthano ya Kalulu yatithandiza pa "because" ndi "so"

Mwezi watha ndinafunsa mmene ndingathandizire mwana wanga wa Sitandade 5 amene ankasokoneza "because" ndi "so". Ena munati ndiyese nthano. Zikomo kwambiri, zathandizadi.

Tinatenga ya Kalulu ndi chitsime. Kunagwa chilala, nyama zinakumba chitsime, Kalulu anakana kukumba nawo, ndiye zinamuletsa kumwa. Fulu anadzipaka ulimbo pamsana, Kalulu atabwera kudzaba madzi anamatirira pomwepo. Chochitika chilichonse timachilemba pakapepala kake, mwanayo n'kumalumikiza tiwiritiwiri m'Chingerezi: choyambitsa chikatsogola aika "so", chikabwera pambuyo aika "because". Poti nthanoyi anaimva kale kwa agogo ake, amangolimbana ndi chiganizo chokha. Yatsala "although", imeneyo ikumuvutabe.