Silabasi yatsopano, kapena ana ayambe adziwa kuwerenga?

Kholo Lofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Boma likafuna kukonza maphunziro, bwanji limathamangira kusintha silabasi? Ndalama zikakhala zochepa, tiyambire pati: silabasi, aphunzitsi kapena mabuku?

Mlangizi wa Aphunzitsi:
Yambirani pa kuwerenga m'makalasi atatu oyambirira. Mu 2022, Banki Yaikulu Padziko Lonse inati ana 7 mwa 10 alionse a zaka 10 m'maiko osauka ndi opezako pang'ono sangawerenge kankhani kakafupi n'kukamvetsa. Mwana wotereyu ngakhale mumpatse buku lasayansi lokongola bwanji, angoyang'ana zithunzi.

Kuyeza n'kosavuta. Mpatseni kankhani ka mawu 60, awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, inu muzichonga mawu omwe walakwitsa, kenako mumfunse mafunso asanu. Bungwe la Pratham ku India limagawa ana potengera zomwe akutha, osati kalasi yawo: osadziwa kalikonse, odziwa malembo, owerenga mawu, ndime, ndi nkhani yonse. Gulu lililonse limaphunzira palokha ola limodzi kapena awiri patsiku, ndipo mwana akakhwima amamukwezera gulu lina.

Wolemba Mayeso:
A Mlangizi anena zoona, koma silabasi payokha si mdani. Chimalakwika ndi dongosolo. South Africa inayamba silabasi yotchedwa Curriculum 2005 mu 1998 aphunzitsi asanakonzeke, zikalata zake zodzaza mawu ovuta. Pofika 2000 anali atayamba kale kuiunikanso, ndipo mu 2012 anabweretsa silabasi ina yotchedwa CAPS, yomwe imanena mwatchutchutchu zophunzitsa teremu iliyonse.

Zimagwa pawiri. Poyamba ndi maphunziro opatsirana: akatswiri ochepa aphunzira milungu iwiri, iwo aphunzitsa anzawo masiku asanu, pofika kwa mphunzitsi wa m'kalasi zatsala tsiku limodzi ndi kapepala. Kachiwiri ndi mayeso. Akamafunsabe zoloweza, mphunzitsi aphunzitsa zoloweza, silabasi inene zomwe inganene. Simungamudzudzule, poti amamuweruza ndi chiwerengero cha okhoza.

Yesani kaye silabasi yatsopanoyo pa sukulu zochepa chaka chathunthu, zam'tauni ndi zakumidzi zomwe. Mabuku a ana ndi a mphunzitsi afike teremu isanayambe. Kenako ilowetseni m'kalasi imodzi pachaka, ndipo mafunso achitsanzo a mayeso atsopano atuluke chaka choyambacho.

Wowerengera Bajeti:
Pandalama ndisiyane nanu pang'ono, a Kholo, chifukwa kusankhako kulibe kwenikweni. Mgwirizano wa maiko pa za maphunziro womwe unachitikira ku Incheon, ku South Korea, mu 2015 unati maiko aziika 15 mpaka 20 peresenti ya bajeti ku maphunziro, koma gawo lalikulu limathera ku malipiro a aphunzitsi. Mabuku ndi maulendo a alangizi amalimbirana zotsala, ndipo zinthu zikathina ndizo zimayamba kudulidwa.

Chaulere chilipo chimodzi: kuchotsa. Aliyense amafuna phunziro lake lilowe, kaya za kompyuta, kaya za bizinesi, koma maola a tsiku sawonjezeka. Wobweretsa phunziro latsopano azifunsidwa pomwepo kuti piriyodi yake aichotsa kwa ndani. Nthawi zambiri imachoka ku kuwerenga ndi masamu, mwakachetechete.